Kodi mumadziwa?

Kuyambira m'chaka cha 2016, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth, komwe amatumizako odwala a ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, anayamba kuwerenga malangizo a mankhwala opha mabakiteriya pa foni ya m'manja.

Pulogalamu ya pa foniyo, yotchedwa MicroGuide, inkawaonetsa mankhwala oyenera nthenda iliyonse, mlingo wake komanso masiku operekera.

Kale, pa mankhwala 100 alionse a mtunduwu olembedwa m'mawodi a akuluakulu, 80 ankakhala jekeseni yamphamvu monga ceftriaxone. Pofika 2018 anatsika kufika pa 54.

Kutsika kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa jekeseni ikamabayidwa mwachisawawa mabakiteriya amaizolowera, ndipo imasiya kuchiza odwala amene akuifunikiradi.