MCHERE WA M'NYANJA YA CHILWA

Ana a sukulu a pa Mishoni ya Domasi amaudziŵa bwino mtsinje wa Domasi. Mtsinjewu umachokera m'chigwa chimene chili pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, ndipo umadutsa kufupi ndi mishoniyo, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1884 ndi Mbusa Alexander Hetherwick wa ku Scotland. Madzi ake ndi ozizira. M'nyengo ya chilimwe amakhala oyera bwino kotero kuti munthu amatha kuŵerenga timiyala ta pansi. Palibe amene adamvapo mchere m'madzi ameneŵa.

Tsono tiyeni tiutsate mtsinjewu kupita kum'maŵa. Tidutsa mlatho wa pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, tidutsa minda ya mpunga, kenaka tiloŵa m'dambo lalikulu la njedza ndi mabango. Kutsogolo kwa damboli ndiko kuli Nyanja ya Chilwa. Madzi a kumeneko ndi amatope ndiponso amchere. Dr. David Livingstone adafika pa nyanjayi pa 18 Epulo, 1859, ndipo adalemba kuti madzi ake ndi oŵaŵirako.

Nanga mchere umenewu umachokera kuti? Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani yonse imathira m'nyanjayi, koma palibe ndi umodzi womwe umene madzi ake amamveka mchere. Ndani tsono amathira mchere m'nyanjamo? Funso limeneli lili ngati ndagi, ndipo yankho lake ndi lodabwitsa: mchere wa m'Nyanja ya Chilwa umabwera ndi mitsinje yomweyo.

Taganizani za shuga amene timathira m'tiyi. Tikatakasa ndi supuni, shugayo saonekanso, koma sikuti wachoka ayi. Wangosungunuka. Mchere nawonso umatero m'madzi. Mvula ikamagwa, imatengako pang'ono mpweya wina wa mumlengalenga, wonga umene ife timatulutsa popuma. Mpweya umenewu umapatsa madzi mphamvu yodya miyala pang'onopang'ono. Madzi akamatsetsereka pa matanthwe a phiri la Zomba ndi kuloŵa m'dothi, amasungunula mchere wamitundumitundu umene uli m'miyala ndi m'dothimo, n'kupita nawo ku mtsinje. Mcherewo ndi wochepetsetsa, n'chifukwa chake lilime lathu siliumva. Komabe mtsinje sugona. Usana ndi usiku, chaka ndi chaka, umanyamula kamchere kake n'kukatula m'nyanja.

Madzi akafika m'nyanja, dzuŵa limayamba ntchito yake. Kuti muone zimene dzuŵa limachita, sungunulani supuni imodzi ya mchere m'madzi pang'ono, muthire m'mbale yachitsulo, muike pa dzuŵa. Pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri mudzapeza madzi atatha, koma pansi pa mbale padzakhala poyera. Laŵani: ndi mchere wanu uja. Madzi adasanduka nthunzi n'kukwera kumwamba, koma mchere sungathe kuuluka nawo.

Kukhitchini kulinso umboni wina. Amayi akaŵiritsa madzi amchere mumphika wovundikira, kunsi kwa chivundikiro kumachita timadontho ta madzi. Apempheni kuti akuvundukulireni, chifukwa nthunzi imaotcha. Chivundikirocho chikazizira, laŵani dontho limodzi. Simudzamva mchere. Umu ndi mmenenso mitambo imapangikira. Nthunzi yochokera m'nyanja ikazizira kumwamba imasanduka timadontho, timadonthoto tikakula timagwa ngati mvula. Motero ngakhale mitambo ichokere pa nyanja yamchere, mvula yake timamwa bwinobwino.

Pano tiyenera kuchenjezana pang'ono. Ngati madzi oyera angabise mchere, angathenso kubisa tizilombo toyambitsa matenda, timene maso sangatione. Ena amaganiza kuti madzi amchere alibe tizilombo, koma kamchere ka m'Nyanja ya Chilwa sikapha tizilombo ta kolera. Asodzi amene amakhala miyezi yambiri pa nyanja m'timisasa toyandama totchedwa zimboŵera akhala akuvutika ndi matendaŵa, ndipo m'chaka cha 2016 ambiri a iwo adalandira katemera wakumwa. Kuŵiritsa madzi kumapha tizilombo, ngakhale kuti sikuchotsa mchere.

Tibwerere ku ndagi yathu ija. Wina angafunse kuti, "Kodi dzuŵa siliŵala pa Nyanja ya Malaŵi? Bwanji madzi a kumeneko alibe mchere?" Limeneli ndi funso la mwana woganiza. Dzuŵa limamwadi madzi ambiri a m'Nyanja ya Malaŵi, koma nyanja imeneyo ili ndi khomo lotulukira. Mtsinje wa Shire umatenga madzi pamodzi ndi mchere wake n'kukathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yaikulu ya Indian Ocean. Nyanja ya Chilwa ilibe khomo lotero. Madzi amachokamo ngati nthunzi, mchere n'kutsala, monga muja udatsalira m'mbale yanu.

Kalekale sizidali choncho. Akatswiri ofufuza za nthaka adapeza kuti Nyanja ya Chilwa idali yolumikizana ndi Nyanja ya Chiuta, imene madzi ake amapita mumtsinje wa Lugenda ku Mozambique, kenaka mu Rovuma mpaka ku Indian Ocean. Zaka zikwi zingapo zapitazo, mchenga udaunjikana kumpoto kwa nyanjayi n'kupanga mtumbira wautali umene udatseka njira. Mtumbirawo ulipo mpaka lero pakati pa nyanja ziŵirizi.

Komatu tisaganize kuti Chilwa ndi yamchere ngati nyanja zikuluzikulu za pa dziko lapansi. Mu lita imodzi ya madzi a mu Indian Ocean muli mchere wokwana magalamu 35, ndiye kuti pafupifupi masupuni a tiyi 6. Nyanja ya Chilwa ikadzaza, mchere wa mu lita imodzi sukwana ngakhale supuni imodzi. Ndiponso si wonse umene uli mchere wothira m'ndiwo. Wina ndi soda, wofanana ndi amene amayi amathira pophika therere.

Vuto limabwera mvula ikachepa. Nyanja ya Chilwa ndi yotambalala koma yosazama. M'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita 3, ndipo asodzi amatha kukankha bwato ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Yerekezani ndi Nyanja ya Malaŵi, imene kwina imazama mamita 700! Madzi a m'beseni amauma msanga kuposa madzi a mumtsuko. Chaka chilichonse m'chilimwe madzi a m'Nyanja ya Chilwa amatsika pafupifupi mita imodzi, ndipo dzinja likafika mitsinje imabwezera. Koma mvula ikavuta zaka ziŵiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imaphwa. Zimenezi zidachitika m'zaka za 1968, 1995 ndi 2018. Mabwato adatsala pa matope ong'aluka ku doko la Kachulu, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pa mtunda pouma.

Madzi akamaphwa chonchi, mchere umene udali m'madzi ambiri umatsalira m'madzi ochepa, kenaka umaonekera pamwamba pa dothi ngati ufa. Makolo athu a m'mbali mwa nyanjayi ankaidziŵa bwino nzeru imeneyi. Ankapala dothi lamchere, n'kulithira madzi m'chiŵiya choboola pansi monga timachitira ndi phulusa la chidulo. Madzi odonthawo ankaŵaŵiritsa mpaka kutsala mchere wokhawokha, umene ankasinthanitsa ndi zinthu zina kwa anthu a kumapiri.

Kwa nsomba, nthaŵi imeneyi ndi ya imfa. Kuti mumvetse, dulani nkhaka, muwaze mchere podulapo, mudikire kanthaŵi. Padzatuluka madzi, chifukwa mchere umakoka madzi. Nsomba yozoloŵera madzi opanda mchere wambiri ikakhala m'madzi amene mchere wake wakula, madzi a m'thupi mwake amakokedwa kudzera m'ziŵalo zake zopumira, ndipo imafooka. Kuwonjezera apo, madzi ochepa, otentha ndi amatope amakhala ndi mpweya wochepa woti nsomba ipume.

M'Nyanja ya Chilwa muli mitundu itatu ya nsomba imene asodzi amadalira: matemba, makumba ndi milamba. Mlamba ndiye wopirira kuposa anzake. M'mutu mwake muli chiŵalo chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kunja monga ife, kotero umatha kukhala moyo m'matope a chinyezi pamene nsomba zina zafa kale. Matemba ndi makumba alibe mwayi wotere. Amene amapulumuka ndi okhawo amene athaŵira kumathiriro a mitsinje ndi kukwera mpaka m'maiŵe akuya a mitsinje monga Domasi ndi Likangala, kumene madzi ochokera kuphiri amakhalabe ozizira ndi opanda mchere wambiri.

Nsomba zotsalira m'maiŵezi zili ngati mbewu imene mlimi amasunga m'chaka cha njala. Mlimi wanzeru sakazinga mbewu yake ngakhale m'mimba mukulira. N'chifukwa chake nyanja itaphwa mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a za nsomba adagwirizana zoteteza maiŵe ameneŵa ndi kuletsa kupha nsomba ndi katupe. Katupe sasankha. Munthu mmodzi akamuthira m'dziŵe amapha nsomba zazikulu, zazing'ono ndi zamazira zomwe, kuti apeze ndiwo za masiku oŵerengeka.

Mvula ikabweranso mokwanira, mtsinje wa Domasi umasefukira, madzi atsopano amasungunula mchere wa pa dothi uja, ndipo nyanja imadzaza. Nsomba za m'maiŵe zimatsika ndi madziwo n'kukaswana m'madambo a njedza. Nyanja itaphwa mu 1968, madzi adabwerera m'chaka chotsatira. Oyamba kuchuluka adali milamba, kenaka matemba, ndipo makumba ndiwo adachedwa kuposa onse. Patapita zaka zitatu, matemba a ku Chilwa adayambanso kupezeka ochuluka pa msika wa Zomba.