KADONTHO KA PAMPHUNO SI KOCHEKA NDI LUMO

Ambiri a ife tili ndi timadontho takuda pakhungu, tina tobadwa nato, tina tomera titakula, ndipo tambiri sitivuta konse. Koma kakamera m'mphepete mwa chiboo cha mphuno, poonekera kwa aliyense, mnyamata kapena mtsikana amasoŵa nako mtendere. Aphungu nawo sasoŵa: wina ati cheka ndi lumo, wina ati manga ndi ulusi, wina ati paka mankhwala ootcha a kumsika. Makolo, tiwaletse ana athu zimenezi.

Pamphepete pa mphuno palibe khungu lapadera. Bala la patsaya dokotala amangokoka khungu nasoka, koma la pamphuno likamapola limakoka mnofu, mpaka chiboo chimapotoka kapena kutsala chobenthuka ngati mphika wakale. Nthaŵi zina ngakhale mpweya umaloŵa movutikira.

Nchifukwa chake dokotala wa opaleshoni, asanagwire mpeni, amayamba waganiza chimene adzatsekere nacho pamalopo. Bala likakhala losazama, amatenga khungu kuseri kwa khutu. Mphepete ikadyeka, amadula kachidutswa ka khutu pamodzi ndi kafupa kake kofeŵa, pakuti kupindika kwake kumafanana ndi kwa mphuno. Pena amatembenuza khungu la mumzere wotsika kuchokera pamphuno kufika pakona ya mlomo, kuti chipsera chibisale mumzeremo. Bala lalikulu limafuna khungu la pamphumi, limene amalitsitsira pamphuno osalidula lonse, kuti magazi aziyendamo, nadzalilekanitsa patapita masabata ngati atatu. Wodwala amachita manyazi masiku amenewo, koma njirayi njodalirika. Si yatsopanonso: asing'anga a ku India anaidziŵa kalekale, ndipo magazini ina ya ku London inaifotokoza mu 1794.

Chimene lumo silingachite konse ndi kutiuza ngati kadonthoko kanali khansa kapena ayi. Dokotala sataya chimene wachotsa, amachitumiza kukapimidwa. Kale tizidutswa totere tinkapita ku Blantyre, koma kuyambira 2011 chipatala cha Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 1977, chili ndi malo akeake opimira. Wochekera kunyumba amataya umboniwo kudzala, mizu ya nthenda nitsala m'thupi.

Kadontho kakayamba kukula, kusintha mtundu, kuyabwa, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda chosapola, tisadikire. Abale athu achialubino achenjere koposa, popeza dzuŵa limaononga khungu lawo msanga, makamaka kumaso ndi m'makutu. Chipewa chachikulu chisachoke pamutu. Wa ku Old Town angayambire pa Bwaila, wa ku Area 10 kapena Area 43 pa chipatala chimene amapitako masiku onse, napempha kalata yomtumiza ku Central. Ndipo amene thupi lake limatupa zipsera, monga timaonera pa makutu obooledwa a atsikana ena, anene zimenezo kwa dokotala tsiku la opaleshoni lisanaikidwe.