Nyama Ikapanda Kuoneka Sindiye Kuti Kulibe

Lero tikambirane za kawerengedwe ka nyama za m'thengo.

Mlimi aliyense adziwa kuti nguluwe ikhoza kumafukula chinangwa mwezi wathunthu, mwini munda osaiona ndi maso. Owerenga nyama apeza vuto lomweli. Powerenga njovu ali m'ndege, saona zimene zaima pansi pa mitengo yowirira, ndipo ana abisika pakati pa zikuluzikulu. Nchifukwa chake ntchitoyi ichitika m'chilimwe, masamba atayoyoka. Ku mtsinje nako, mvuu zina zikhala zitamira pamene bwato lidutsa. Tsono nambala imene alemba ndi ya nyama zooneka zokha, si ya nyama zonse ayi.

Nanga zotsalazo azidziwa bwanji? Pali njira ziwiri.

Yoyamba ndiyo kubwerera pamalo pomwepo. Tiyerekeze kuti pali madambo 8 ndipo onsewo muli nguluwe, koma pa ulendo uliwonse zioneka m'theka lokha la madambowo. Ulendo woyamba uphonya madambo 4. Pobwereranso, ophonyedwa atsala ngati 2, ndipo kachitatu atsala ngati dambo limodzi. Poona kuti aphonya kangati pamalo podziwika kuti nyama zilipo, owerenga atha kudziwa madambo amene angakhale ndi nguluwe ngakhale sanazione.

Yachiwiri ndiyo kuika chizindikiro. Frederick Lincoln anagwiritsa ntchito njirayi powerenga abakha a m'thengo ku America m'chaka cha 1930. Tiyerekeze ndi mbewa. Mugwire zamoyo 20, muzipake utoto, muzitaye m'munda momwemo. Patapita masiku pang'ono mugwirenso 20. Mukapezapo 5 za utoto, ndiye kuti mbewa imodzi mwa zinayi ili ndi utoto. Chotero 20 zoyamba zija ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo m'mundamo muli mbewa ngati 80.

Izitu zikhudza minda yanu. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo ntchito yotere itsamira pa kuwerenga. Nambala ikachepa molakwika, mpanda ndi alonda zingaikidwe kwina, pamene chimanga chikutha kwanu.

Chotero inu mafumu, pempho lathu nali. Popereka lipoti musanene kuti "kwathu kulibe njovu" chifukwa mwayang'ana tsiku limodzi. Nenani malo, tsiku, ndi chimene anthu apeza: mapazi, ndowe, mitengo yothyoka kapena kulira kwa usiku. Nenaninso masiku amene munafunafuna osapeza kanthu, pakuti popanda masiku amenewo owerenga sangadziwe kuti nyamayo iphonyedwa kangati.