Njila Yatsopano Yopezela Tizilombo Toononga Mano

Anthu ambili amapita kucipatala dzino litayamba kale kugwedezeka, ndipo cotsala cimakhala kulizula basi. Komatu matenda a mano ndi nkhama amayamba mwakacetecete. Amabwela ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tochedwa mabakiteliya.

M'kamwa mwa anthu mwapezeka mitundu ya tizilomboti pafupifupi 700, ndipo yambili ilibe vuto. Koma ka Streptococcus mutans, kamene J. Kilian Clarke anakafotokoza mu 1924, kamadya shuga ndi kutulutsa asidi amene amaboola dzino. Mu 1998, Sigmund Socransky ndi anzake ku Boston anaonetsa kuti tizilombo titatu, Porphyromonas gingivalis, Treponema denticola ndi Tannerella forsythia, timapezeka pamodzi m'nkhama zodwala kwambili.

Njila yakale yotidziwila ndi kutibzala m'mbale ku labotale. Zotulukapo zimatenga sabata imodzi kapena awili. Vuto lina n'lakuti tizilombo tambili ta m'nkhama timafa tikakumana ndi mphepo, ndipo tina sitimela n'komwe m'mbale.

Njila yatsopano imachedwa PCR. Anaitulukila ndi Kary Mullis wa ku America mu 1983, ndipo analandila nayo mphoto ya Nobel mu 1993. Mtundu uliwonse wa kacilombo uli ndi DNA yakeyake, monga mmene munthu aliyense alili ndi cidindo ca cala cake. Dokotala wa mano amaloŵetsa kapepala kosongoka pakati pa dzino ndi nkhama. Ku labotale, makina amaculukitsa kacidutswa ka DNA kofunikako mpaka mamiliyoni mwa kutenthetsa ndi kuziziletsa mobwelezabweleza. M'maola ocepa cabe, kacilomboko kamadziŵika. Makina a GeneXpert opimila TB m'zipatala za muno m'Zambia amagwilitsila nchito nzelu yomweyi.

Kupima kumeneku kungathandize dokotala posankha mankhwala pamene nkhama zikukana kupola. Komabe n'kodula, ndipo PCR wamba imapeza DNA ngakhale ya tizilombo takufa kale. Conco sikuloŵa m'malo mwa maso ndi manja a dokotala.

Oŵelenga akumbuke kuti kupewa kuposa kuciza. Tsukani mano kaŵili pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, cepetsani shuga, ndipo lekani fodya. Nkhama zikamatuluka magazi, makamaka kwa odwala matenda a shuga, pitani kucipatala msanga dzino likali lolimba.