Makiyi a nyumba m'manja mwa mlendo wa pafoni

Pa Chitakale m'boma la Mulanje pali nyumba zamalata zooneka bwino, zina za mpanda wa njerwa, zomwe eniake sagonamo. Ena mwa eni nyumbazi ali ku Joni, ena adasamutsidwa pantchito kupita ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pomwe ena amachoka kwa mwezi wathunthu kukadwazika matenda ku chipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre.

Nyumba sikwera basi ndi mwini wake. Ikakhala yotseka, chiswe chimadya mitengo ya kudenga, mvula ya ku Mulanje imalowa pomwe lata laboola, ndipo mbava sizichedwa kuona kuti pakhomo pamera udzu. Galu, nkhuku ndi mbuzi nazo zimafuna kudya tsiku ndi tsiku. Choncho pamafunika munthu wosunga pakhomo.

Chomwe chasintha masiku ano ndi kapezedwe ka munthuyo. Mmalo mofunsa abale, a kumpingo kapena anyakwawa, ena akumangolemba uthenga m'magulu a WhatsApp ndi Facebook, momwe anthu amatsatsa malonda, nyumba za lendi ndi ntchito za pakhomo. Pakutha pa tsiku makiyi amakhala ali m'manja mwa munthu yemwe mwini nyumba amangomudziwa dzina ndi nambala ya foni.

Kale padali mboni

Kuchoka pamudzi si kwachilendo ku Mulanje. Kuyambira nthawi ya Wenela mpaka pomwe Theba idaleka kulemba Amalawi ntchito za m'migodi mu 1988, amuna ankapita kukatha zaka ku South Africa. Koma nyumba sinkatsala yokha. Pachikhalidwe cha Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna amamanga kwawo kwa mkazi, ndipo nyumbayo imazunguliridwa ndi mbumba. Mwinimbumba ankadziwa wolowa ndi wotuluka, ndipo mbuzi ikasowa nkhani inkakathera pabwalo la mfumu.

Pa Chitakale zinthu n'zosiyana. Apa ndi pamphambano pomwe msewu wopita ku Likhubula ndi Phalombe umapatukana ndi msewu waukulu wochokera ku Blantyre kudzera ku Thyolo ndi Luchenza kukafika kuchipata cha Muloza. Ambiri okhala apa adachita kugula poloti kapena ali pa lendi. Muli ogwira ntchito m'minda ya tiyi, aphunzitsi, anamwino, akabaza ndi ogulitsa zinanazi, aliyense wochokera kwawo. Woyandikana naye nyumba atha kukhala munthu yemwe wafika mwezi watha. Mbumba ija palibe, ndipo foni ndiyo yalowa m'malo mwake. Vuto n'lakuti foni siikira munthu umboni.

Uthenga umodzi, zinsinsi zisanu

Mwini nyumba akamalemba kuti akufuna wosunga pakhomo amaona ngati akungotsatsa ntchito. Koma mu uthenga umodziwo amakhala waulula pomwe pali nyumba, kuti iye akuchoka, tsiku lonyamuka, nthawi yobwerera komanso chiwerengero cha agalu omwe ali pakhomopo. Akaikapo chithunzi, kanema wa pabalaza, filiji ndi sola ya padenga zimaoneka bwino lomwe.

Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu 1,024. Mwini uthenga sangawadziwe onse, ndipo sangaletse wina kuutumiza kugulu lina. Uthenga wolembedwa mmawa pa Chitakale umakhala utawerengedwa ku Limbe dzuwa lisanafike pamutu.

Si aliyense wobwera kudzaona ntchito amene akufunadi ntchito. Wina amangofuna aone zenera lopanda zitsulo, mtundu wa loko ndi malo omwe galu amagona. Akatero amanena kuti malipiro achepa n'kumapita. Galu wodaliridwayo nyama ya tameki imamukwanira usiku umodzi.

Naye amene walandira ntchito ali ndi mpata waukulu. Kudulitsa kiyi wina kumsika sikutenga nthawi. Simukhadi akaiponya m'ngalande, nambala ija sipezekanso. Dzina ndi chithunzi cha pa Facebook zitha kukhala za munthu wina. Kuchoka pa Chitakale kukafika ku Muloza ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo maminibasi opita ku Limbe amanyamuka kuyambira mbandakucha.

Katundu wobedwa amagulidwanso. Zovuta kubweza ndi zomwe zimakhala m'sutikesi ya kuchipinda: mapepala a malo, makhadi a kubanki, ziphaso ndi mabuku a kuchipatala. Buku la kuchipatala limanena matenda omwe munthu sadauzepo ngakhale mbale wake, ndipo kulijambula ndi foni ndi kamphindi chabe. Mapepala a malo akagwa m'manja olakwika, munthu atha kuwaonetsa kwa ogula ngati kuti poloti ndi yake, n'kulandira ndalama mwini wake ali ku Durban.

Khoswe wa pamkhate

Vuto lina limabwera tsiku lobwerera. Mu 2008 ndi mu 2015 Amalawi ambiri adabwerako ku South Africa mwadzidzidzi pothawa zipolowe zolimbana ndi obwera, ndipo mu 2020 ena adabwerera chifukwa cha mliri wa Covid-19. Munthu wobwera motere amafuna nyumba yake tsiku lomwelo. Koma wosunga uja amakhala atabweretsamo banja, ataikamo alendi m'zipinda zina, kapena akufuna malipiro a zaka zonse asanatuluke. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Popanda pepala, nkhani yotere imavuta kuweruza. Lamulo la Registered Land Act limalola munthu amene wakhala pamalo olembetsedwa pansi pa lamuloli kwa zaka 12 poyera, mwamtendere, mosadukiza komanso popanda chilolezo cha mwini wake, kupempha kuti malowo alembedwe m'dzina lake. Kalata yosonyeza kuti munthuyo adaloledwa kukhalapo ngati wosunga chabe ndiyo imatseka khomo limeneli.

Naye wosunga ali pachiswe

Kungakhale kulakwa kuona ngati woopsa ndi wosunga yekha. Ofuna ntchitozi nthawi zambiri ndi achinyamata osowa pogwira komanso amayi ofuna pogona, ndipo iwo ndi amene alibe podzitetezera.

Akathyali amatsatsa ntchito zomwe kulibe. Amauza munthu kuti atumize chithunzi cha chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, kenako ndalama yolembetsera kudzera pafoni. Ndalama ikangolowa, foni imazima. Chiphasocho ndiye nkhani yaikulu. Chiyambire kalembera wa mu 2017, chiphaso cha unzika ndicho chimatsegula akaunti kubanki, ndipo kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu. Nambala yolembetsedwa mwachinyengo ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, apolisi amayamba kugogoda pakhomo pa yemwe dzina lake likuoneka.

Kwa mtsikana, chiopsezo chimaposa pamenepa. Atha kufika kunyumba yomwe adauzidwa kuti mulibe munthu n'kupeza bambo yemwe amati ali paulendo akumudikira. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe adakazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino za m'nyumba. Amayi oposa 50 adapulumutsidwa kudzera m'gulu la WhatsApp lomwe adayambitsa Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Ku Oman ndi kutali, koma nyambo yake ndi yomweyi: ntchito ya pakhomo, pogona paulere, ndi bwana yemwe palibe akumudziwa.

Ngakhale bwana akhale weniweni, wosunga amene walandira nyumba popanda kuwerenga katundu wadziika m'khwekhwe. Mwini wake akadzati wailesi yasowa, palibe chomuikira kumbuyo, ndipo m'dziko muno munthu wongokuwiridwa kuti ndi wakuba amatha kuvulazidwa apolisi asanafike.

Palinso galu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matenda a chiwewe amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Wolandira galu wa mwini ayenera kuona khadi la katemera. Akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Mulanje Mission tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro zikayamba kuoneka chiwewe sichichizika.

Kunja nako sadagonjetse vutoli

M'maiko a azungu ntchitoyi ili ndi makampani akeake a pa intaneti. TrustedHousesitters, yomwe idayamba ku England mu 2010, imalumikiza eni nyumba ndi anthu omwe amagona mwaulere posinthana ndi kusamala ziweto. Rover, yomwe idayamba ku Seattle m'dziko la America mu 2011, imalumikiza eni agalu ndi owasamala olipidwa. Makampaniwa amafufuza ziphaso, ndipo ntchito ikatha anthu amalemba ndemanga zomwe ena amawerenga asanasankhe munthu.

Komabe madandaulo sadathe. Eni nyumba ena amatchera makamera m'nyumba poopa kuberedwa, ndipo ogonamo amadandaula kuti akujambulidwa osadziwa. Kampani ya Airbnb, yomwe imapezera apaulendo malo ogona m'nyumba za anthu, idaletseratu makamera a m'kati mwa nyumba kuyambira pa 30 Epulo 2024. Makamera otumiza zithunzi pafoni afika kale m'masitolo a m'dziko muno. Mwini nyumba amene waika kamera ayenera kumuuza wosunga pomwe ili, ndipo kuchipinda chogona ndi kubafa si malo ake.

Ngati makampani okhala ndi antchito ofufuza anthu akuvutikabe, nanji gulu la pafoni lomwe mkulu wake ntchito yake ndi kungolowetsa manambala.

Malamulo alipo, koma amabwera pambuyo

Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 lolimbana ndi milandu ya pa intaneti, komanso la Data Protection Act la mu 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Lamulo la zantchito la mu 2000 limateteza ogwira ntchito za pakhomo, kotero wosunga nyumba yemwe adalembedwa ntchito koma sakulipidwa atha kukadandaula kuofesi ya zantchito pa boma. Koma lamulo limagwira ntchito zinthu zitaonongeka kale, ndipo limafuna dzina lenileni ndi umboni.

N'chifukwa chake njira yodalirika ndi kubwezeretsa mboni yomwe foni idachotsa. Potsatsa, mwini nyumba asatchule malo enieni, masiku a ulendo kapena kuika zithunzi. Akumane ndi munthuyo koyamba pamalo a anthu ambiri, aone chiphaso chenicheni ndi maso, afike kwawo, ndipo alankhule ndi mfumu kapena mkulu wa mpingo wake pamaso, osati panambala yomwe wapatsidwa ndi munthu yemweyo.

Tsiku lopereka makiyi pakhale mfumu ya deralo, woyandikana naye nyumba ndi mmodzi wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Katundu ndi ziweto ziwerengedwe n'kulembedwa. Pepala linene malipiro, wogula mayunitsi a magetsi, wolipira madzi, wogula chakudya cha galu, ololedwa kugona m'nyumbamo ndi nthawi yomwe wosunga adzapatsidwe kuti atuluke. Mbali iliyonse isunge pepala lake. Mapepala a malo, makhadi ndi mabuku a kuchipatala asatsale m'nyumba, ndipo wosunga akachoka maloko asinthidwe.

Wofuna ntchito naye asatumize ndalama kapena chithunzi cha chiphaso kwa munthu yemwe sadamuonepo. Popita kukaona nyumba apite masana ndi mbale wake, ndipo afunse oyandikana nayo ngati womuitanayo alidi mwini wake. Bwana weniweni sakwiya ndi mafunso otere, monganso wantchito wokhulupirika sakana kuonetsa kwawo.

Zonsezi zimadya tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe. Nyumba yomwe yatenga zaka zisanu za thukuta la ku Joni kuti ifike padenga ndi yoyenera masiku awiri amenewo. Paja safunsa adadya phula.