HIDA ndi MRI pofufuza ndulu yochucha m'chiwindi chovulala

Chiwindi chikang'ambika pa ngozi ya pamsewu kapena pobayidwa ndi mpeni, madokotala amayamba alimbana ndi magazi. Za ndulu zimadziwika patapita masiku. Wodwala yemwe amaoneka kuti akupezako bwino amayamba kutentha thupi, mimba kufufuma, maso kuchita chikasu. Makina ojambula m'thupi a CT amaonetsa madzi atasonkhana pafupi ndi chiwindi, koma sanena ngati ndi magazi akale, mafinya kapena ndulu. Funso limeneli amalitengera ku HIDA kapena ku MRI.

Pa HIDA amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi technetium-99m. Chiwindi chimawayamwa m'magazi n'kuwatulutsira mu ndulu, kamera ikuwatsatira kwa ola lathunthu, mwinanso kubwereza patapita maola angapo. Akaoneka atatayikira m'mimba, nkhani yatha: ndulu ikuchucha, ngakhale ikhale yongodontha pang'onopang'ono. Chithunzi chake ndiye chachimbuuzi. Chimakuuza kuti denga likudontha osakulozera lata lobooka. Kapezedwe ka mankhwalawo nakonso n'kovuta, poti mphamvu ya technetium imatsika ndi theka maola 6 aliwonse, motero chipatala chimadalira molybdenum-99, yemwe amatulutsa technetium, wochokera m'malo owerengeka padziko, monga Pelindaba ku South Africa.

MRI imagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa gadoxetate, omwe pafupifupi theka lake limatuluka m'thupi kudzera mu ndulu. Pakatha mphindi 20 kapena kuposerapo njira za ndulu zimawala, ndipo dokotala amaona bwinobwino pomwe pang'ambika: kumanja kapena kumanzere, kanjira kakang'ono ka mkati mwa chiwindi kapena njira yaikulu. Kusiyana kumeneku si kwamasewera, chifukwa kanjira kakang'ono kamatha kudzitsekera kokha akaika paipi yokhetsera ndulu kunja, pomwe njira yaikulu ingafune opaleshoni. Koma makinawa amafuna munthu wogona phee, womagwira mpweya akauzidwa. Tangoganizani wothyoka nthiti zinayi! Wokhala ndi tizitsulo ta chipolopolo m'thupi nayenso mwina sangalowemo.

Zonse ziwiri zimadalira chiwindi chomwecho kuti chinyamule mankhwala, choncho chikasu chikakula kwambiri zithunzi zonse zimafooka.

Kuona kwanga, kwa wodwala wofooka, amene tikungofuna kudziwa ngati ndulu ikuchucha, HIDA ikukwanira. Dokotala akamaganiza zong'ambanso mimba, MRI ndiyo yomuthandiza. Ambiri mwa odwalawa amathera ku ERCP, komwe amalowetsa kachubu kudzera pakamwa n'kuika kapaipi m'njira yaikulu kuti ndulu izitsikira m'matumbo bala likupola.