Apolisi akangomanga munthu, pa WhatsApp mlandu watha kale

Nkhani ikangotuluka yoti apolisi amanga munthu pa mlandu wakupha, foni siipuma. Wina akuti ndi nsanje ya chibwenzi, wina akuti ndi ngongole, wina akuti zizimba basi. Pofika madzulo, chithunzi cha woganiziridwayo chazungulira magulu onse, ena afika pofufuza mkazi wake pa Facebook. Eti tonse tasanduka majaji.

Kufunsa kuti "waphedweranji?" si kulakwa. Imfa yotere imaopsa, ndipo mtima umafuna yankho msanga. Vuto ndi loti yankho lenileni silibwera ndi liwiro la bandulo yathu.

Taonani mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa zaka 22 wa m'boma la Machinga. Adasowa mu March 2018 ndipo mtembo wake udapezeka patatha masabata angapo. Chigamulo chidadzabwera mu April 2022, patapita zaka zinayi, pomwe bwalo lalikulu la milandu lidapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana. Asanu okha ndiwo adapezeka olakwa pa mlandu wakupha, mmodzi mwa iwo mchimwene wake weniweni, yemwe adamunyengerera kuti wamupezera mkazi woti akwatire. Wansembe wa Katolika adapezeka wolakwa pa malonda a ziwalo za munthu, osati kupha. Kusiyanitsa kotereku kumafuna mboni, umboni ndi nthawi. Uthenga wa mawu wa masekondi 40 sungathe.

Palinso china chomwe ambiri sitidziwa. Pa mlandu wakupha, woimira boma sakakamizidwa kutsimikiza chifukwa chomwe munthu adaphera mnzake. Ayenera kuonetsa popanda chikayiko kuti woimbidwa mlanduyo ndiye adapha, komanso kuti adali ndi cholinga chopha kapena chovulaza kwambiri. Chifukwacho chimangothandiza kumvetsa nkhani. Ife pa foni timayambira kumapeto: tapeza chifukwa, ndiye kuti wapha ndi iyeyo. Koma kukhala ndi ngongole ndi malemu si umboni. Anthu angati ali ndi ngongole yanu?

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amati munthu womangidwa akaonekere kubwalo pasanathe maola 48, ndipo amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Awa si mawu okongoletsera buku. Mu February 2019, Buleya Lule, yemwe ankaganiziridwa pa nkhani yoba mnyamata wachialubino ku Dedza, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti adazunzidwa. Mlandu wake sudazengedwe mpaka kumapeto, ndipo zomwe ankadziwa, ngati zidalipo, adapita nazo kumanda. Kuweruza munthu bwalo lisanatero kumaluzitsa ngakhale banja lofedwa, lomwe limafuna choonadi kuposa tonsefe.

Mphekesera nazonso zimapha. Amene tidali titakula mu 2017 tikukumbuka nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Anthu adaphedwa ndi magulu okwiya chifukwa chongoganiziridwa, popanda yemwe adaonetsa umboni.

Ganizirani za ana a woganiziridwayo omwe mawa akupita kusukulu. Ganizirani mayi wa malemu akuwerenga kuti mwana wawo "adali ndi zibwenzi zambiri", zolembedwa ndi munthu yemwe sadamuonepo. Malemu sangayankhe. Ndipo mboni yomwe yawerenga nkhani zosiyanasiyana khumi isanakaime m'bwalo imatha kusokoneza zomwe idaona ndi zomwe idamva. Dziwaninso kuti zolemba pa intaneti sizili kunja kwa lamulo: kuipitsa mbiri ya munthu kungakufikitseni kubwalo inuyo, ngakhale mwangotumiza zomwe adalemba wina.

Ndiye titani, tingokhala chete? Ayi. Funsani mafunso omwe ali ndi eni ake. Kodi munthuyu waonekera kubwalo? Akuimbidwa mlandu wanji? Madokotala apeza kuti malemu adafa bwanji? Papita miyezi ingati mlandu usanayambe? Mafunso awa amakakamiza apolisi ndi mabwalo kugwira ntchito. Ndipo ngati mukudziwadi kanthu, malo ake ndi kupolisi, osati pa gulu la anzanu a kusekondale.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chala chisanadine batani lotumiza, dzifunseni: ichi ndachiona, kapena ndangochimva?